Chala Chopanda Inki

Tsiku lotsatira chisankho anthu anafika ku ofesi ngati ochokera kumaliro, maso ali psuu, miyendo akuchita kukoka, aliyense akudandaula za dzuwa ndi kutalika kwa mzere. Koma kutopako sikunawaletse kuonetsana zala. Munthu akangolowa pakhomo ankayamba wakweza chala chamkombaphala chothimbirira ndi inki, moni n'kubwera pambuyo. Ngakhale abwana, amene masiku onse amadutsa pakati pa madesiki ngati mulibe anthu, anaima n'kuonetsa chawo, ati nawonso anapsa ndi dzuwa limodzi ndi anthu wamba. Anthu anaseka, poti abwana akanena nthabwala umaseka basi, kaya yakoma kaya ayi.

Magalasi yekha sanakweze chala. Inki inalipo, yakuda bii mpaka m'mbali mwa chikhadabo, koma mtima wa zibwana analibe. Mtsikanayu dzina limeneli anam'patsa ndi anzake a pakampani ya inshuwalansiyo chifukwa cha mandala ake aakulu, ndipo linam'kakamira moti ngakhale kwawo ena ankamuitana choncho. Ntchito yake inali yomvetsera anthu amene galimoto zawo zachita ngozi. Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka ankangomva nyimbo imodzi: wolakwa si ine, mtengo ndi umene unaima pamalo olakwika. Ntchito yotero imatopetsa makutu, komanso imakuphunzitsa kumva bodza lisanathe n'komwe kutuluka m'kamwa.

Chimene chinamulemera m'mawa umenewo chinali Waya. Waya anali mnyamata wokonza makompyuta pakampanipo, wamtali, wosalankhulalankhula, woyenda nthambo zikulendewera m'matumba onse. Iye ndi Magalasi anali atakhala pachibwenzi nthawi yaitali ndithu, yokwanira kuti azakhali ayambe kufunsa ngati mnyamatayo ali ndi miyendo yofikira pakhomo. Miyendo anali nayo. Chotchinga chinali achimwene ake a Magalasi, amene chimwalirireni bambo anadzikhazika okha pampando wa bambowo, ndipo mpandowo unawakomera. Iwo anali naye kale munthu wawo woti akwatire Magalasi: a Hadiweya, mwini masitolo a zitsulo ndi simenti, bambo wa mimba yake amene akazi awo anamwalira, ndipo chaka chimenecho ankapikisana nawo pa ukhansala. Achimwenewo ndi amene ankawayendetsera kampeni, mpaka mawu kusasa.

Ndiye Lamlungu lapitalo, mosayembekezereka, achimwene anafewa. Anati chabwino, mnyamata wako wa nthamboyo abwere tsiku la chisankho masana, akamaliza kuvota, amayi adzamuone. Koma akapanda kubwera, dzina lake lisadzamvekenso m'nyumba muno.

Magalasi analawirira kukavota. Pamzerepo mtima unamuwawa pang'ono, chifukwa polembetsa anapita awiri ndi mlongo wake amene anabadwa naye mapasa, uja anzake a mpira ankamutcha Goloboyi. Goloboyi anadwala mwadzidzidzi kumayambiriro kwa chaka, ndipo tsiku lovota silinamupeze. Koma Magalasi analibe nthawi yolira. Anathamangira kunyumba, anakolopa, anaphika, anatulutsa mbale zija zimangoona dzuwa kukabwera alendo. Amayi anavala diresi la kutchalitchi n'kukhala pampando wa pawindo. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Uthenga unabwera umodzi wokha: "Mzere ndi wautali, ndikubwera." Kenako foni ya Waya inazima. Chakudya chinazizirira m'mapoto, amayi anakavula diresi lija, ndipo achimwene atabwera madzulo anangoyang'ana mpando wopanda munthuwo n'kuyamba kuimba mluzu.

* * *

Makina osindikizira mapepala a pa ofesiyo anali ndi khalidwe la mwana wolereredwa kwa agogo: akafuna agwira ntchito, akakana akana. M'mawa umenewo anakana, ndipo wina anaitana Waya.

Analowa mutu uli pansi, dzanja lamanja lili m'thumba. Anthu anamukuwiza kuti aonetse chala, iye anangomwetulira cham'mbali n'kugwada kuseri kwa makinawo. Koma makina sakonzedwa ndi dzanja limodzi. Posolola pepala limene linatsakamira m'katimo manja onse awiri anatulukira poyera, ndipo desiki la Magalasi linali pafupi pomwepo. Anayang'ana lamanja, anayang'ana lamanzere. Zala zonse zinali mbee.

Nanga mzere wautali uja unali wa chiyani? Zimene Magalasi anamva sizinali mkwiyo weniweni, poti mkwiyo umafuna mphamvu. Kunali kutopa kwa munthu amene wakhala akuikira kumbuyo mnzake kwa abale onse, wakangana ndi achimwene, walirira kubafa kuti amayi asamve, kenako n'kuzindikira kuti amamenyera nkhondo munthu amene sangathe ngakhale kunama bwinobwino. Anatembenuzira maso pa chithunzi cha Goloboyi chimene chinkakhala pambali pa kompyuta yake, n'kuyamba kulemba zinthu zimene sankaziona.

"A Waya, inu simunavote kodi?"

Anafunsa ndi Zikhadabo, mtsikana wa pamalo olandirira alendo, amene anabwera ndi timapepala toti asindikize ngakhale aliyense ankadziwa kuti ntchito yake ilibe chosindikiza. Zikhadabo zake zinali zazitali, sabata imeneyo zofiira za timadontho toyera, ndipo polankhula ankaziyendetsa m'mwamba kuti pasapezeke wophonya kuziona. Zoti amamufuna Waya sichinali chinsinsi. Kompyuta yake inkadwala kawirikawiri kuposa ya wina aliyense, ndipo inkachira Waya akangokhala pampando wake.

Waya anayankha chapansipansi kuti anavota. Zikhadabo anaseka kaseko kodzera m'mphuno, n'kunena kuti zoonadi, inki ya masiku ano sichedwa kuchoka, bola ipeze dzanja lodziwa kusisita. Ankalankhula akuyang'ana makina, koma mawuwo anakagwera pa desiki la Magalasi, ndipo aliyense m'chipindamo anaona pamene agwera.

* * *

Msonkhano wa m'mawa unali wofanana ndi misonkhano yonse ya pamenepo: abwana kulankhula, anthu kugwedeza mitu, wina kuwodzera maso ali chitsegulire. Tsiku limenelo abwana anapeza fanizo latsopano, ankangokweza chala chawo cha inki n'kumati chala chimodzi sichiswa nsabwe, tigwirane manja pa ntchito. Anabwereza mpaka nsabweyo inafa ndi ukalamba. Pansi pa tebulo foni ya Magalasi inanjenjemera, uthenga wa Waya.

"Tilankhulane nthawi ya nkhomaliro. Chonde."

"Muli pamzere wautali, musataye malo anu," analemba Magalasi.

Chiyambireni chibwenzi chawo anali asanamutchulepo kuti inu. Waya, amene anakhala kumapeto kwa tebulo pafupi ndi soketi, anawerenga n'kuyankha pomwepo.

"Usandipatse ulemu umenewo, ukundiopsa."

Magalasi anatembenuza foni chafufumimba n'kumvetsera za nsabwe.

Pa nthawi ya tiyi anakumana ndi Mayi Busa m'kakhitchini ka pa ofesipo. Sanali akazi a abusa ayi, anali a m'chipinda cha malipiro, koma palibe nkhani imene ankaimaliza popanda vesi. Anamuyang'ana Magalasi kumaso n'kunena kuti mwanawe, nkhope imeneyi si ya dzuwa la dzulo lokha. Magalasi asanayankhe, Zikhadabo analowa, anakhala pampando wokhawo umene unalimo, n'kutulutsa m'chikwama thonje ndi kabotolo ka mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Fungo lake linadzaza kakhitchini konse. Anayamba kupukuta inki pachala chake pang'onopang'ono, akudandaula kuti mankhwala atsala pang'ono kutha, poti dzulo panali munthu wina amene anamudyera theka la botolo.

"Amuna ena khungu ngolimba," anatero, akuuzira chalacho, "koma manja, mayi, ofewa ngati a mwana."

Magalasi anapitiriza kutakasa tiyi amene anaiwala kuthiramo shuga. Ankafuna kumuthira tiyiyo m'mawigi, ankafunanso kungokhala pansi pomwepo n'kugona tulo. Zikhadabo atatuluka, Mayi Busa anatsegula windo kuti fungo lichoke, n'kunena kuti za mapanga awiri amazidziwa bwino, amuna awo anawavumbwitsa nazo mvula zaka zambiri. Koma anawonjezera kuti mtsikana amene wadyadi chinthu sachita kulengeza m'khitchini, amapukuta pakamwa n'kukhala chete. Uyu akufuna umve, ndiye udzifunse chifukwa chake. Kandimverere anakanena za m'maluwa, pita ukamve kwa mwini chala. Vesi la tsikulo analinena Magalasi atafika kale pakhomo.

* * *

Kachipinda ka Waya kanali kumapeto kwenikweni kwa nyumbayo, kopanda windo, kozizira chifukwa cha makina amene ankalira m'menemo osapuma. Magalasi analowa osagogoda, anatseka chitseko, n'kukana mpando.

"Ndionetseni chala."

Waya anatambasula dzanja. Pafupi chonchi zinaoneka zimene sizinaoneke patali. Khungu la chalacho linali lotuwa, losupuka pang'ono, ndipo pakona pa chikhadabo panatsala kamzere kakuda kopyapyala. Kuvota anavotadi. Magalasi anafunsa amene anachotsa inkiyo, ngakhale yankho linali litamununkhira kale m'khitchini. Waya sanazungulire, anati ndi Zikhadabo, ku saluni ya mkulu wake kuseri kwa msika. Kenako anapempha kuti amumvere mpaka kumapeto, akamaliza amutukwane bwinobwino.

Anati madzulo a tsiku loti mawa ndi chisankho, foni yake inalira, nambala yachilendo. Atayankha anamva mawu osasa akuti, mlamu, muli kuti? Anaganiza kuti munthu wasokera. Koma anali achimwene ake a Magalasi. Anakumana pakhonde la golosale ina, anamugulira chakumwa chozizira, anamugwira paphewa. Mlamu chakuti, mlamu chakuti. Anati zakale zija tiziiwale, munthu ankangoteteza mlongo wake. Kenako nkhani inakhota. Mpikisano wa a Hadiweya wavuta, anatero, ndipo mwamuna wolowa m'banja amalowa ndi manja ake, osati pakamwa pokha. Mawa mukavote m'mawa kwanu, mukatero mupite ku saluni yakuti akakuyeretseni chala, akakupatsani envelopu. Mukapite nayo kusukulu ya kumtunda, woona maina kumeneko ndi wathu, sayang'ana nkhope. Masana mudzadye ndi amayi ngati mwana wa pakhomo.

"Ndiye iwe unavomera."

Inu uja anali atagwa yekha panjira, Magalasi osazindikira.

"Anandiitana kuti mlamu," anatero Waya, akuyang'ana pansi. "Ukudziwa nthawi imene ndakhala ndikudikira mawu amenewo? Munthu amene akandiona amawolokera tsidya lina la msewu. Mutu unaima."

Anati atafika ku saluni n'kupeza kuti woyeretsa zala ndi Zikhadabo anafuna kubwerera, koma mtsikanayo anamuseka kuti mwamuna wanji wamantha, iyenso amathandiza nawo kampeni. Anamusisita chala nthawi yaitali kuposa imene inki inkafuna, izo sanakane. Atatuluka anakaimadi pamzere wachiwiri kusukulu ya kumtunda, ndipo ndi pomwe analemba uthenga uja. Mzere unalidi wautali. Atatsala pang'ono kufika pakhomo anakumbuka kuti sakudziwa dzina limene akavomere akaitanidwa, ndiye anatsegula envelopu.

Waya anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa envelopu yopindika. Magalasi anaitsegula. Munali chiphaso chovotera, ndipo pachiphasopo Goloboyi ankamuyang'ana, khosi la malaya litapindika mbali imodzi monga mwa masiku onse. Magalasi ankakumbuka tsiku limene anajambulitsa. Anamuuza kuti akonze kolala, iye anayankha kuti boma likufuna nkhope, osati malaya.

"Nkhope imeneyo ndimaiona tsiku lililonse padesiki pako," anatero Waya. "Ndinachoka pamzere. Ndinangoyenda, sindikudziwa kumene ndinafika. Ndikanakhala bwanji pamaso pa amayi, n'kumadya chakudya chawo, mwana wawo ali m'thumba mwanga?"

Foni anazimitsa chifukwa achimwene ankangoimba. Ndipo usiku wonse anasowa poyambira kumuuza.

Magalasi anakhala pa katoni ya mapepala. Misozi sinabwere, inali itatha kumayambiriro kwa chaka. Anamva chisoni, anamva manyazi, anamvanso kupepukidwa kochititsa manyazi koti mwina Zikhadabo anangogwira chala basi. Achimwene ake enieni, a bere limodzi, kutsegula sutikesi ya amayi mmene amasungamo zinthu za malemu, n'kutenga nkhope ya mng'ono wawo kukagulira bwana wa simenti mpando.

"Ndiwe chitsiru," anatero.

"Ndikudziwa."

"Munthu wasukulu, wokonza makompyuta a kampani yonse, kukodwa ndi mawu amodzi ngati mbewa pa chiponde."

Magalasi analowetsa chiphasocho m'kathumba ka m'kati mwa chikwama chake, n'kunena kuti za achimwene azisiye m'manja mwake, chiphaso achibwezera yekha mu sutikesi amayi asanadziwe. Waya anafunsa kuti nanga ife. Magalasi anayankha kuti watopa, amufunse mawa. Koma potuluka anagwiranso chala chosupuka chija, n'kumuuza kuti apakepo mafuta chingachite chilonda.

* * *

Poweruka misewu inali itasokonekera. Magalimoto ankaliza mahutala, anyamata atakwera pamwamba pa malole akuvina ndi zithunzi za anthu awo. Minibasi imene anakwera Magalasi inkayenda ngati ikupita kukaika maliro, ndipo kondakitala ndi amene anamuuza nkhani asanafunse: kudera kwawo apambana a Hadiweya, simenti itsika mtengo. Anthu anaseka, wina kumbuyo anati itsika m'maloto.

Anapeza achimwene ali pakhonde, atavala malaya a kampeni, miyendo atasanjika pa kampando. Anamulandira ndi chimwemwe chimene anali asanamuonetsepo, mlongo wanga wafika, mlongo wa munthu wamkulu. Magalasi sanakhale pansi. Analankhula motsitsa mawu chifukwa windo la amayi linali lotsegula.

"Achimwene, mwafika podzutsa akumanda kuti akuvotereni?"

Ankayembekezera kuti adzidzimuka, kapena akana, kapena akalipa. Iwo anangotsitsa miyendo, n'kufunsa ngati mnyamata wa nthambo uja waulula yekha kapena wachita kufinyidwa. Magalasi anati chiphaso chili m'chikwama mwake, ndipo ngati achimwenewo ali ndi manyazi otsala, amulole Waya abwere Lamlungu, nkhaniyi ithere pakhonde pomwepo. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Anatulutsa foni, anafufuza pang'ono, n'kumupatsa.

Anali kanema wamfupi. Waya atakhala pampando wa mu saluni, nkhope yonse ikuoneka bwinobwino, dzanja lake lili pamwendo pa mkazi amene nkhope yake sinkaoneka. Zinkaoneka zala zokha, zofiira za timadontho toyera, zikupukuta inki ndi thonje. Kenako mawu a Waya, omveka ngati ali pomwepo: ichoka yonse koma? Asakandizindikire kumeneko kuti ndavota kale. Achimwene munalibemo, ngakhale chithunzithunzi chawo. Zikhadabo zija mawa zikhoza kukhala zobiriwira.

"Tapambana ndi mavoti ochuluka, iwe," anatero achimwene, akulanda foniyo. "Ya mnyamata wakoyo tinalibe nayo ntchito. Ndinkangofuna uone mtundu wa munthu amene ukufuna kutibweretsera. Lamlungu a khansala akubwera kudzaona amayi. Uvale bwino, useke akaseka. Ukapanda kutero, kanemayu afika kupolisi ndi kwa abwana anu tsiku lomwelo."

Magalasi anati awauza amayi zonse. Achimwene anatambasula manja, anati khomo ndi ilo, kawauze. Kawauze kuti mwana wawo wamkulu, amene amawaperekeza kuchipatala mwezi ndi mwezi, anaba nkhope ya malemu. Ukawone ngati mtima wawo uja upirire, ndipo ukamaliza ukamuyendere mnyamata wako kundende. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo uyu anali atakhala pa mkhate wokhawo umene unatsala m'nyumbamo.

* * *

"Kodi wabwera?" Anali mawu a amayi, kuchokera kuchipinda. "Tabwera kuno."

Anawapeza atakhala pabedi, sutikesi ili yotsegula, zinthu zili mbwee pa bulangete. Magolovesi ong'ambika a Goloboyi, jezi yake, masatifiketi, lamba. Amayi anati phokoso la mahutala lawakumbutsa mwana wawo, mmene ankanenera kuti chaka chino avota koyamba limodzi ndi mlongo wake, ndipo akadzuka m'bandakucha kuti akhale oyamba pamzere. Ndiye anangofuna kuona nkhope yake, poti chithunzi cha pachiphaso chija ndi chomaliza chimene anajambulitsa. Anachiika m'thumba la jezi ndi manja awo. Afufuza, akutumula chilichonse, palibe.

Magalasi anagwira chikwama chake mwamphamvu. Akanangopeza mphindi imodzi, amayi atatembenuka, akanachigwetsera pansi pa bedi n'kunena kuti si ichi, amayi, chinagwa. Anayamba kugwada ngati akuthandiza kufufuza.

"Musadzivutitse, amayi." Achimwene anali ataima pakhomo, atatsamira felemu. "Muuzeni mwana wanuyu akupatseni chikwama chake."

Amayi anayang'ana mwana wawo wamwamuna, anayang'ana wamkazi, n'kutambasula dzanja. Sanakweze mawu, ndipo Magalasi anali asanakanizepo dzanja limenelo chibadwire. Amayi anatsegula chikwama pamiyendo pawo, anatulutsa chikwama cha mandala, makiyi, foni, n'kuziika pa bulangete. Kenako zala zawo zinapeza kathumba ka m'kati. Anachitulutsa chiphasocho, anachipukuta ndi chikhatho ngati chagwera fumbi. Anafunsa kuti chafika bwanji m'menemo, akuchifuniranji mwana wawo amene anagona kale.

Magalasi asanapeze bodza loti anene, foni ija inawala pa bulangete, pafupi ndi bondo la amayi. Amayi maso awo anali akuthwa pa zinthu zapafupi. Anaitola n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga amawerengera Baibulo.

"Chonde, amayi asadziwe kuti chiphaso cha malemu chinali ndi ine. Ndikadzabwera ndidzawayang'ana bwanji?"

Kunja lole ina inadutsa, anyamata akuimba za chipambano. Amayi anayang'ana dzina limene linali pamwamba pa uthengawo, n'kuika foniyo pansi mosamala kwambiri.

"Ameneyu ndi mnyamata uja ndinamuvalira diresi dzulo?"

Mawu onse anali pakamwa pa Magalasi, okonzeka: golosale, mlamu, saluni, envelopu, ndi amene anatsegula sutikesi. Anadzutsa maso. Pakhomo paja achimwene anali atatulutsa foni yawo, chala chawo cha inki chili pamwamba pake, akumuyang'ana modekha ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti ibwera.

"Ndakufunsa," anatero amayi. "Ndi iyeyo anatenga mwana wanga?"

Magalasi anavula mandala, kuti asaone bwino nkhope ya amayi ake.

"Ndi yemweyo, amayi."